Maginito a MRI sazima magetsi akathima, nanga jointi yake imatheka bwanji?

Kalata ya sabata ino ikunena za MRI, makina a kuchipatala ojambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito, ndipo yachokera kwa wamagetsi wina amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Akuti:

"Ndagwira ntchito ya magetsi zaka 12, ndipo panopa ndili pa chipatala china chomwe si chaboma. Mabwana akufuna kugula makina a MRI a 1.5 tesla (tesla ndi muyezo wa mphamvu ya maginito) ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera kunja, ndipo andiuza kuti za magetsi ake ndidzaziyang'anira ndine. Wogulitsayo akuti maginito ake ndi koyilo ya waya imene nsonga zake anazilumikiza, ndipo akangoithira karenti kamodzi imazungulira yokha zaka ndi zaka osafunanso magetsi. Ine zandivuta kukhulupirira. Jointi iliyonse imene ndinaionapo imatentha, karenti ikachuluka imapsa. Kodi akutinamiza? Ngati n'zoona, magetsi akathima monga amachitira kuno chimachitika n'chiyani? Ndipo jointiyo ikawonongeka, ndingaiwotcherere ndekha?"

Achimwene, mtima ukhale m'malo, pa nkhani ya karentiyo wogulitsayo sanakunamizeni. Kungoti wakupatsani mbali yokoma yokha, ina yowawa waisunga m'thumba, ndipo yowawayo ndi imene idzagwere inuyo. Kukayika kwanu sikukundidabwitsa. Ndi kwa munthu amene anagwirapo waya wofunda ndi dzanja lake, ananunkhizapo pulasitiki ikupsa mu bokosi la mafyuzi. Ine ndakhala zaka zambiri pa maginito amenewa, poyamba kumene amawapanga, kenako m'zipatala kumene amagwira ntchito, ndipo tsiku loyamba kuona akuzula zingwe za karenti maginito n'kukhalabe ndi mphamvu zake zonse, nanenso ndinaima kukamwa kuli yasa. Mwachita bwino kufunsa katunduyo asanakwere sitima, paja safunsa anadya phula.

Tiyambire pa zimene mukuzidziwa kale. Jointi imatentha chifukwa ili ndi resistance, ndiye kuti pamalopo karenti imadutsa mokakamira, ndipo kukakamirako kumasanduka kutentha. Waya wa kopa nayenso ali nayo, yochepa koma ilipo. Mu 1911 ku Leiden, m'dziko la Netherlands, Heike Kamerlingh Onnes anaziziritsa mercury, uja wonyezimira wa m'zoyezera kutentha kwa thupi zakale, mpaka madigiri pafupifupi 269 pansi pa ziro, n'kupeza kuti resistance yake yatheratu. Sikuti inangochepa, inasowa. Anatha kufika pa kuzizira kotere chifukwa zaka zitatu m'mbuyo mwake, mu 1908, iye yemweyo anali woyamba kusandutsa mpweya wa heliyamu kukhala wamadzi. Zitsulo zimene zimachita zimenezi zimatchedwa ma superconductor. Pamene palibe resistance palibe kutentha, ndipo karenti imene ili mu mkombero wotsekeka ilibe chifukwa choimira. Koma gwirani mawu awa: zimachita choncho pokhapokha zili zozizira kwambiri, karenti isanapyole malire ake, komanso mphamvu ya maginito pamalopo isanapyole malire ake. Chimodzi mwa zitatuzi chikaphonyeka, waya amabwerera kukhala waya wamba nthawi yomweyo.

Waya wa mu MRI yanuyo ndi wosakaniza zitsulo ziwiri, niobium ndi titanium. Anamuzindikira kuti ndi wothandiza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ku America, ndipo mpaka lero pafupifupi MRI iliyonse ya 1.5 kapena 3 tesla imadalira iyeyu, chifukwa ndi wofewa, amapindika osathyoka, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Amasiya resistance pa madigiri pafupifupi 264 pansi pa ziro, pomwe heliyamu wamadzi amakhala pa 269. Mukuona kuti mpata wake ndi wa madigiri asanu okha, ndipo mkati mwa maginito amphamvu mpatawo umachepanso.

Mukamudula wayayo n'kuyang'ana kunsonga ndi galasi lokulitsa, muona kuti mbali yaikulu ndi kopa, ndipo mkati mwa kopayo muli timaulusi tambirimbiri ta niobium ndi titanium, tina topyapyala ngati tsitsi. Karenti imayenda m'timaulusito, kopa amangokhala ngati mlonda. Malo ena akafunda pang'ono, mwina chifukwa waya wasuntha ndi kukhulana ndi mnzake, timaulusi pamenepo timasiya ntchito, ndipo pakokha ndi toipa kwambiri ponyamula karenti, kuposa kopa kutalitali. Ndiye karenti imapatukira mu kopa kwa kanthawi, kopa n'kumwaza kutenthako, malowo n'kuziziranso. Popanda kopa waya akanapsa pamalo amodzi.

Wayayu amakhala wa makilomita makumi angapo, wokulungidwa osati mu koyilo imodzi monga anakuuzirani, koma m'makoyilo angapo, nthawi zambiri asanu ndi limodzi amkati ndi awiri akuluakulu akunja. Akunjawo karenti yake imayenda mobwerera, kuti mphamvu ya maginito isamwazikire kutali m'makonde ndi m'zipinda zoyandikana. Makoyilo onsewa amalumikizidwa mondondozana kuti karenti imodzi, ya ma amp mazana angapo, idutse monsemo. Ndiye majointi si amodzi ayi. Pakati pa koyilo ndi koyilo pali jointi, pamene mpukutu wa waya unathera pali jointi, pa switchi pali awiri. Maginito amodzi akhoza kukhala ndi majointi oposa khumi.

Switchiyo ndiifotokoze, chifukwa ndi yokongola kwa munthu wa ntchito yathu. Ilibe chosuntha chilichonse. Ndi kachidutswa ka waya wa superconductor yemweyo kolumikiza nsonga ziwiri za makoyilo, kokulungidwa pamodzi ndi kahita kakang'ono. Tsiku lokweza maginito, ndiye kuti lowathira karenti, injiniya amabwera ndi makina ake operekera karenti, amalowetsa zingwe, n'kuyatsa kahitako. Kachidutswa kaja kakafunda kamakhala ndi resistance, ndiye karenti imakana kudutsa pamenepo, imalowera m'makoyilo. Amaikweza pang'onopang'ono, chifukwa kuthamangitsa kumafunditsa waya. Ikafika pamene akufuna, amazima kahita, kachidutswa kaja kamazizira n'kukhalanso kopanda resistance, mkombero watsekeka. Kenako amatsitsa karenti ya makina ake mpaka pa ziro, amazula zingwe, amalongedza n'kumapita. Ya m'makoyilo ija imatsala ikuzungulira usana ndi usiku.

Tsopano funso lanu lenileni, la jointi. Mwina mukuganiza kuti jointi yabwino kwambiri ya solda, yoyera bwino, yothina bwino, ingakwane. Tiyeni tiwerengere limodzi, mwachitsanzo chabe. Titenge makoyilo a ma henry 30 (henry ndi muyezo wa mmene koyilo imakanira kusintha kwa karenti) onyamula ma amp 500, ndipo tinene kuti mwapanga jointi ya resistance ya gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a ohm. Mita yanu ya kuntchito singaione n'komwe, ingakuuzeni kuti ziro. Koma jointi imeneyo ingadye karenti moti pakutha chaka yoposa theka ingakhale itapita. Pa ola limodzi mphamvu ya maginito ingatsike ndi magawo pafupifupi 120 mwa miliyoni. Opanga MRI amalola gawo losakwana limodzi mwa magawo 10 miliyoni pa ola. Ndiye jointi yanu yabwinoyo yaphonya kuposa ka 1,000. Komanso ingatulutse kutentha kwa kota ya watt, kumene kunja kuno si kanthu, koma mkati mwa heliyamu watt imodzi imawiritsa pafupifupi lita imodzi ndi theka pa ola.

N'chifukwa chiyani amaumiriza chonchi? Makinawa amajambula pomvetsera haidrojeni wa m'madzi ndi m'mafuta a m'thupi. Mu maginito a 1.5 tesla, amene ndi amphamvu pafupifupi ka 30,000 kuposa a dziko lapansi aja amatembenuza kampasi, haidrojeni amayankha pa ma megahertz pafupifupi 64, ngati siteshoni ya wailesi. Mphamvu ya maginito ikasuntha, siteshoniyo imasunthanso. Kusiyana kwa mawu a madzi ndi a mafuta pa 1.5 tesla ndi ma hertz pafupifupi 220 okha mwa mamiliyoni 64 aja, ndipo pa kampata kameneka ndi pamene dokotala amadalira kuti azime mafuta pa chithunzi n'kuona chotupa chobisala. Ndiye majointi a MRI amayenera kukhala cha m'ma gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000 a ohm. Pa makoyilo a chitsanzo chathu chija, jointi imodzi yotere ingatenge zaka mazana a masauzande kuti idye theka la karenti.

Kapangidwe kake ndi kamene kamasiyanitsa ntchitoyi ndi yathu ya masiku onse. Kopa uja ndamutcha mlonda, pa jointi ndiye mdani. Karenti ikangodutsa mu kopa ngakhale pang'ono pochoka pa waya wina kupita pa mnzake, resistance yabwera. Ndiye kopa ayenera kuchoka kunsonga kuti timaulusi tikhale poyera. Vuto n'lakuti niobium ndi titanium zikangokumana ndi mpweya zimachita kachikungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, ndipo solda sagwira pa kachikunguko. Ena amasungunula kopa ndi asidi, n'kutsuka timaulusi ndi asidi wina woopsa kwambiri, kenako n'kutifinya pamodzi mu kachubu ndi makina amphamvu mpaka tilowane. Njira ina yofala, imene inadziwika m'zaka za m'ma 1980, ndi yochenjera kuposa pamenepo: nsonga ya waya amaimiza mu tini wosungunuka, tini amadya kopa yense n'kulowa m'malo mwake, moti timaulusi sitikumana ndi mpweya ngakhale kamphindi. Kenako amaisamutsira mu msanganizo wosungunuka wa mtovu ndi bismuth, umene umachotsa tini uja n'kukuta kaulusi kalikonse. Nsonga ziwiri zokonzedwa chonchi amazipota pamodzi, amaziika mu kakapu, n'kuthiramo msanganizo womwewo kuti uume.

Chinsinsi chili pa mtovu ndi bismuth. Msanganizo umenewu nawonso ndi superconductor mu heliyamu wamadzi. Ndiye karenti imachoka mu kaulusi, imadutsa mu solda wopanda resistance, n'kulowa mu kaulusi ka mbali inayo osaponda paliponse pokakamira. Koma soldayu ndi wofooka kuposa wayayo, sapirira mphamvu yaikulu ya maginito. N'chifukwa chake majointi samaikidwa pakati pa makoyilo. Amawatulutsira pambali pamene mphamvu ndi yochepa, amawamanga kuti asagwedezeke, ndipo amaonetsetsa kuti ali pamalo ozizira nthawi zonse.

Pamene ndinkaphunzira ntchitoyi, mmisiri wachikulire amene ankandiphunzitsa sankalola kuti munthu alankhule naye akupanga jointi. Ndinkaona ngati n'kuuma mtima, mpaka nditaona majointi awiri ofanana ndendende pamaso, wina wabwino wina wotaya karenti, kusiyana kwake kunali kwakuti nsonga imodzi inachedwa pang'ono pamphepo. Palibe mita imene ingakuuzeni zimenezi pa tebulo. Kuti tiyese, tinkapanga kamkombero kakang'ono ka waya kokhala ndi jointi imodzi, kukamiza mu heliyamu, kukalowetsa karenti, n'kudikira maola ambiri tikuyang'ana ngati mphamvu yake ikutsika. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito imeneyi kudekhako kumadya malita a heliyamu.

Kuti muone kuti jointi imodzi ingachite zotani, pali nkhani yodziwika ya ku CERN, kufupi ndi Geneva, kumene kuli makina aakulu ofufuzira tizidutswa ta zinthu otchedwa Large Hadron Collider. Majointi a kumeneko ndi a mtundu wina, owotcherera ndi solda pa mipiringidzo ya kopa, koma waya wake ndi niobium ndi titanium yemweyu. Pa 19 Seputembala 2008, jointi imodzi mwa majointi pafupifupi 10,000 inali ndi resistance yongopitirira pang'ono magawo 200 mwa biliyoni a ohm. Pa karenti ya ma amp pafupifupi 8,700, kutentha kwake sikunafike n'komwe ma watt 20, kochepa kuposa babu lakale la m'nyumba. Koma kunakwana. Jointi inasungunuka, moto wa magetsi unaboola chotengera heliyamu, matani pafupifupi 6 a heliyamu anathawa, maginito 53 anachotsedwa kukakonzedwa, ndipo makinawo anayambanso mu Novembala 2009.

Ndiye poyankha funso lanu lomaliza: ayi achimwene, simungaiwotcherere, ndipo si chifukwa chakuti luso lanu n'lochepa. Ngakhale injiniya wa kampani imene inapanga makinawo sangaikonze pachipatala. Majointi ali mkati mwa thanki yachitsulo yowotcherera mbali zonse, imene ili mkati mwa thanki ina, pakati pake atachotsapo mpweya wonse ngati fulasiki ya tiyi. Kuti muwafike muyenera kutsitsa karenti, kutaya heliyamu, kufunditsa maginito, kudula matanki, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kufakitale. Chotonthoza n'chakuti jointi imene yadutsa mayeso n'kugwira ntchito zaka zingapo kawirikawiri siwonongeka yokha. Pa zaka zanga zonse, maginito ambiri amene ndinawaona atafa anaphedwa ndi kufunda, osati jointi.

Chizindikiro cha jointi kapena switchi yodwala ndi siteshoni ija kumatsika mosalekeza, tsiku ndi tsiku, mbali imodzi yokha. Makina amalemba nambala imeneyi, amati centre frequency, nthawi iliyonse akamayesedwa m'mawa. Koma musathamangire kuimba mlandu jointi. Masiku oyamba maginito atangokwezedwa, nambalayi imatsika pang'ono kenako n'kukhazikika. Imasunthanso tizitsulo towongolera mphamvu m'kati mwa mphako imene wodwala amagonamo tikafunda chifukwa cha ntchito yambiri, kapena wina akaimika chinthu chachikulu chachitsulo kuseri kwa khoma. Ikamatsika mosabwerera kupyola zimene buku la makinawo likulola, itanani a kampani. Nthawi zina amangobwera pakapita miyezi kudzaonjezera karenti n'kupitiriza ntchito, nthawi zina amati maginito asinthidwe.

Tsopano mbali imene wogulitsa sanaitchule. Maginito safuna magetsi kuti akhale ndi mphamvu, koma amafuna magetsi kuti akhale ozizira. MRI ya mtundu wakale imasunga malita 1,500 kapena kuposerapo a heliyamu wamadzi. Pamwamba pake pali chipangizo chotchedwa cold head, chimene chimabweza heliyamu wowira kukhalanso wamadzi. Ndi chimene chimalira tswii, tswii, ngati kambalame, usana ndi usiku m'chipinda cha MRI. Cold head imayendetsedwa ndi kompulesa ya ma phase atatu yodya makilowati 6 mpaka 8 kapena chapompo, ndipo kompulesayo imaziziritsidwa ndi madzi ochokera ku makina aja amati chiller, amene nthawi zambiri amakhala panja. Magetsi akathima, maginito amakhalabe ndi mphamvu zake zonse, koma kambalame kaja kamasiya kulira, heliyamu amayamba kuwira n'kumatuluka. Kuthima kwa maola ochepa maginito akale otere amapirira. Kwa masiku, mukutaya ndalama zambiri, ndipo heliyamu akatsika mpaka makoyilo n'kuyamba kufunda, mwafika pangozi.

Ndinaitanidwapo pa chipatala china Lolemba m'mawa, atapeza heliyamu watsika kwambiri. Jenereta inagwira ntchito bwinobwino kuyambira Lachisanu usiku, kompulesa inali pa laini ya jenereta, koma chiller anachilumikiza ku laini ina yopanda jenereta. Madzi anafunda, kompulesa inadzizimitsa yokha podziteteza, alamu inalira m'chipinda chokhoma mopanda womva. Zinandipweteka mtima chifukwa odwala anabwezedwa masabata angapo pa nkhani ya bureka imodzi. Apa ndiye pali ntchito yanu yeniyeni. Kompulesa, chiller ndi mapampu ake zonse zikhale pa jenereta yodziyatsa yokha, ndipo dizilo wake asamadikire siginecha ya munthu amene ali kumudzi. Muonetsetse kuti kayendedwe ka ma phase a jenereta n'kofanana ndi ka magetsi a masiku onse, chifukwa makompulesa ambiri amakana kuyaka ma phase akatembenuka. Muyese ndi maso anu ngati kompulesa imadziyatsanso yokha magetsi akabwera, kapena imafuna munthu. Alamu ifike pamene pali munthu usiku, ndipo alonda ndi anamwino adziwe kuti kambalame kakakhala chete aimbe foni nthawi yomweyo. Ngati makinawo akuchokera ku America, funsani msanga za voteji ndi ma hertz, pakuti kumeneko ndi 60 pomwe kuno ndi 50.

Kufunda kukafika pa waya kumachitika chimene amati quench. Malo amodzi amasiya kukhala superconductor, amatentha, amafunditsa oyandikana nawo, ndipo m'masekondi ochepa mphamvu yonse yosungidwa m'makoyilo, ma megajoule angapo, imasanduka kutentha. Mkati muli ma diode ndi mahita oti amwaze kutenthako kuti koyilo imodzi isapse yokha. Heliyamu amawira nthawi imodzi, ndipo lita imodzi yamadzi imasanduka malita oposa 700 a mpweya. Mpweyawo uyenera kutuluka pa paipi yaikulu yopita kunja. Paipi imeneyi muziiyendera ngati mmene mumayenderera mawaya anu: mbalame zisamangemo zisa, madzi a mvula asalowemo, isaloze pa zenera kapena pamene anthu amadutsa. Ikatsekeka, heliyamu amadzaza m'chipinda, amathamangitsa mpweya wopuma, ndipo alibe fungo loti n'kukuchenjezani. Pakhale chipangizo choyeza okosijeni m'chipindamo, chogwira ntchito.

Pakhoma mudzapeza mabatani awiri ofiira, ndipo aliyense wolowa m'menemo awasiyanitse. Lina limazima magetsi a makina, maginito osakhudzidwa. Linalo limachititsa quench mwadala, ndipo limadinidwa pokhapokha munthu wapanikizidwa ndi chitsulo pa maginito kapena pabuka moto woti ozimitsa ayenera kulowa ndi zida zawo. Ngozi yaikulu kwa ife kuno ndi iyi: magetsi akathima, m'chipinda muli mdima, makina ali zii, munthu amaganiza kuti zonse zazima n'kulowa ndi sipanala, makwerero kapena silinda ya okosijeni. Mu 2001 ku New York silinda ya okosijeni inakokedwa ndi maginito n'kumenya m'mutu mwana wa zaka 6 amene anali m'makina a MRI, ndipo anamwalira patapita masiku awiri. Inuyo, ndi bokosi lanu la zida, ndinu mmodzi mwa anthu amene ali pangozi kwambiri. Musalowe ndi chida chimene sichinayesedwe, ndipo aliyense amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda asayandikire n'komwe.

Za kugulako, walira mvula walira matope. Musanavomere, mabwana apemphe mbiri ya maginitowo yolembedwa: nambala ya centre frequency ya miyezi yambiri, kuchuluka kwa heliyamu mwezi ndi mwezi, anachitapo quench kangati ndipo chifukwa chiyani, cold head inasinthidwa liti. Afunsenso ngati adzatumizidwa ali ozizira kapena atafunda. Ozizira amataya heliyamu tsiku lililonse ali panjira, ndipo ulendo wa pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam ndi kudikira pa chipata sizidziwika kutalika kwake. Ofunda amafuna nayitrojeni wamadzi ndi heliyamu wochuluka kwambiri kuti azizirenso. Ndipo pakhale pangano lolembedwa lonena amene adzabweretse heliyamu, m'masiku angati, pa mtengo wanji. Heliyamu wambiri wa padziko amachokera ku America, Qatar, Algeria ndi Russia, ndipo wakhala akusowa kangapo m'zaka zapitazi. Mu 2016 akatswiri a ku mayunivesite a Oxford ndi Durham analengeza kuti apeza heliyamu wambiri pansi pa nthaka cha ku Rukwa ku Tanzania, pafupi ndi ife pomwepa, koma bajeti yanu musaiwerengere pa ameneyo. Pa zonsezi lembani ntchito injiniya wa MRI woima payekha, wosadya nawo za wogulitsa, akaone makinawo akugwira ntchito asanazulidwe.

Ine ndikanakhala pa mpando wa mabwana anu ndikanayang'ananso njira zina ndisanasaine. Mu 2018 kampani ya Philips inatulutsa MRI ya 1.5 tesla yokhala ndi malita 7 okha a heliyamu otsekeredwa mkati, ndipo Siemens inatsatira ndi ya 0.55 tesla ya heliyamu wosakwana lita imodzi. Zimenezi sizifuna paipi ya quench kapena kuonjezera heliyamu, koma popeza zilibe nkhokwe yaikulu ya kuzizira, magetsi akathima nthawi yopirira ndi yaifupi, ndiye jenereta ija ikufunikabe. Ku Genoa ku Italy amapanga MRI ya 0.5 tesla ya waya wa magnesium diboride, amene akatswiri a ku Japan anapeza mu 2001 kuti ndi superconductor pa madigiri 234 pansi pa ziro. Waya ameneyu ndi ena atsopano opirira kufunda kuposa pamenepo akanatimasula ku heliyamu wamadzi, ndipo chimodzi mwa zimene zachedwetsa kufala kwake ndi jointi yomweyi: ndi ophwanyika ngati mbale yadothi, ndipo kuwalumikiza popanda resistance, mobwerezabwereza, m'fakitale, n'kovuta kwambiri kuposa niobium ndi titanium.

Palinso maginito osafuna kuzizira konse. MRI imene inaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 inali ya 0.35 tesla ya maginito achikhalire, opanda heliyamu, ndipo ndi imene inathandiza madokotala ofufuza kuonetsa, mu 2015, kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo a m'bongo amafa chifukwa ubongo umatupa kwambiri. Pachipatala chomwecho agwiritsanso ntchito kamakina koyenda pa matayala ka 0.064 tesla, kojambula mutu wokha, kolumikiza pa soketi wamba. Zithunzi za makina otere sizifika pa za 1.5 tesla, ndipo ngati madokotala anu akufuna kuona bwino mitsempha, msana, mawondo ndi chiwindi, adzalimbikira pa 1.5, ndipo adzakhala ndi chifukwa chomveka. Chofunika n'chakuti asankhe akudziwa mtengo wa kuzizira pa chaka, osati mtengo wa makina wokha.

Akagula ndithu, pemphani kuti pa tsiku lokweza maginito mudzakhalepo, ndipo injiniya akuonetseni pamene pamawerengedwa kuchuluka kwa heliyamu, mphamvu ya mpweya wa mu thanki ndi kutentha kwa madzi a kompulesa. Gulani kabuku kolimba, muzilemba manambala atatuwa ndi centre frequency m'mawa uliwonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Mpweya wa mu thanki ukayamba kukwera kapena kulira kwa cold head kukasintha, imbani foni ku kampani tsiku lomwelo, ndipo muwawerengere zimene zili m'kabukumo kuyambira sabata yathayo.